Woyang'anira Gulu la pa Foni Aziweruza Poyera

Masiku ano anthu ambiri amakambirana nkhani zao pa foni, m'magulu a WhatsApp. Alipo magulu a mpingo, a alimi, a banki m'khonde, ndi a pachibale. Gulu limodzi likhoza kukhala ndi anthu 1,024. Anthu akachuluka pamafunika wina wosungitsa mwambo. Munthu ameneyu amamutcha adimini.

Kodi eni ake a WhatsApp sangayang'anire okha?

Iyayi. Kuyambira chaka cha 2016 mauthenga a pa WhatsApp amayenda otsekedwa, ngati kalata ya mu envulopu yomata. Amene amawerenga ndi wotumiza ndi olandira basi. Eni ake amaona uthenga pokhapokha wina akakadandaula kwa iwo. Tsono bodza likalowa m'gulu, oliletsa ndi inu nomwe amene muli m'gulumo.

Bodza lotere limapha. M'zaka za 2017 ndi 2018, ku dziko la India kudafala mauthenga onena kuti kwabwera anthu oba ana. Anthu adakhulupirira nayamba kumenya alendo ongodutsa. Ena osalakwa adaphedwa. Pambuyo pake WhatsApp idaika malire akuti uthenga wolandira kwa ena usapatsiridwe ku malo oposa 5 nthawi imodzi. Koma malire sadziwa kusiyanitsa bodza ndi zoona. Munthu ndiye amadziwa kuti apa asuweni akungoselewulana, apa wina watukwanidwa.

Mphamvu za adimini

Adimini amalowetsa anthu m'gulu, ndiponso amatulutsa. Kuyambira chaka cha 2022 akhozanso kufufuta uthenga wa munthu wina. Komatu sangachite izi mobisa. Pamene padali uthengawo pamatsala mau onena kuti wafufuta ndi adimini wakutiwakuti. Akatulutsa munthu, onse amaona.

Chimene foni siinena ndi chifukwa chake. Chifukwacho ayenera kunena adimini mwini wake. Akangokhala chete, anthu amayamba kunong'onezana kuti akukondera abale ake, kapena akubisa nkhani ya ndalama. Ena amaopa kulankhula, ena amachoka, ndipo gulu limafa.

Zoyenera kuchita

1. Gwirizanani malamulo a gulu poyamba pomwe. Alembedwe pamene aliyense angawerenge.
2. Sankhani ma adimini awiri kapena atatu, amai ndi abambo. Paja mutu umodzi susenza denga.
3. Munthu akalakwa, ayambe wachenjezedwa. Muuzeni lamulo limene waswa.
4. Mukafufuta uthenga, nenani chifukwa chake nthawi yomweyo.
5. Wotulutsidwa apatsidwe mpata wonena mbali yake.
6. Nkhani ikakhudza adimini mwini wake, aweruze ndi mnzake.

Kumbukirani kuti kufunsa si kulakwa. Munthu wofunsa kuti ndalama za gulu zayenda bwanji asatulutsidwe ai. Ayankhidwe pamaso pa onse.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa chiani eni ake a WhatsApp sangaletse bodza m'gulu lanu?
2. Kodi gulu lanu lili ndi malamulo? Adawapanga ndani?
3. Adimini akalakwa, inu mungachite chiani?