Kanyali kamene madalaivala a ku Mulanje amakamata tepi

Aliyense woyendetsa Sienta pakati pa Chitakale ndi Muloza anakaonapo kanyali aka, ngakhale dzina lake sakulidziwa. Ndi kachikasu, kojambulidwa kagalimoto ndi mizere iwiri yokhotakhota kunsi kwake. Pa Toyota kamabwera ndi malemba akuti TRC OFF kapena VSC, pa Nissan VDC, pa Honda VSA, pa Mazda DSC. Popeza injini imaliraliranabe bwinobwino, ambiri amangokanyalanyaza. Ena amamatapo tepi yakuda kuti kasamawasowetse mtendere usiku.

Kumata tepiko kumandidetsa nkhawa, makamaka kuno kutsinde kwa Phiri la Mulanje. Dzinja likatha, chiperoni chimanyowetsabe msewu m'miyezi yozizira, ndipo dothi lofiira lomwe mathirakitala amatuluka nalo m'minda ya tiyi likafika pa tara limaterera ngati therere. Galimoto yonyamula anthu ndi katundu wa kumsika wa Limbuli ikamakhota pamalo otere, ndi pomwe chipangizo choletsa kuterereka chomwe kanyalika kamaimira chimafunika.

Ntchito yake ndi iyi. Pa wilo lililonse pali kasensa kowerenga liwiro lomwe wilolo likuzungulira. Kompyuta yomwe imayendetsanso mabuleki a ABS imayerekeza mawilo onse anayi. Limodzi likayamba kupota lokha, kompyutayo imachepetsa mphamvu ya injini kapena kuligwira buleki lokhalo, dalaivala asanazindikire n'komwe. Ku Japan, komwe kumachokera galimoto zambiri zomwe tikuyendera, lamulo loti galimoto za mtundu watsopano zizikhala ndi chipangizo choletsa kuterereka linayamba mu Okutobala 2012, ndipo mu 2014 linafikira mitundu yomwe inali kale pamsika. N'chifukwa chake kanyalika kachuluka masiku ano.

Choyamba, onani mmene kakuyakira. Kakayaka polizira galimoto n'kuzima pakapita masekondi ochepa, zonse zili bwino. Kakamathwanima muli pamatope kapena pokwera chitunda chonyowa, ndiye kuti chipangizocho chikugwira ntchito. Chepetsani moto basi. Vuto ndi pamene kayaka osazimanso. Apo kompyuta yadzichotsa pantchito, ndipo nthawi zambiri nyali ya ABS imayaka limodzi.

Musanathamangire kugalaja, fufuzani batani lozimitsira chipangizochi, chifukwa bondo kapena chikwama cha wokwera kutsogolo chimatha kulidina. Kenako zungulirani galimoto muwerenge manambala a pamatayala. Apa ndi pomwe ambiri a ife timagwera. Tayala likaphulika timagula lakaunjika lomwe lapezeka, bola lalowa pa rimu. Koma la 175/65 ndi la 185/70 sazungulira mofanana, ndipo kompyuta imaona ngati wilo limodzi likuterera ulendo wonse, mpaka imatopa n'kuyatsa nyali. Tayala lophwa kwambiri kapena sipeya yaing'ono ija ya ku Japan zimachitanso chimodzimodzi.

Matayala akakhala ofanana, yang'anani kuseri kwa mawilo. Namondwe Freddy atakokolola milatho ndi misewu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, galimoto zambiri zinkadutsa m'madzi ndi m'njira zapadera zamiyala, ndipo misewu ya m'midzi imakhala yotero chaka ndi chaka. Matope amamatirira pa kasensa, madzi amalowa m'mapulagi n'kuchititsa dzimbiri, mwala kapena chitsa chimadula waya wopyapyala wotsika kuwilo. Kutsuka ndi kulumikiza bwino waya kumathetsa mavuto ochuluka ndithu popanda kugula kanthu.

Palinso nkhani ya beringi. Pa galimoto zambiri zatsopanoko, kamkombero ka maginito komwe sensa imawerenga kali m'beringi momwemo. Beringi ikatha, kapena makaniko akaika yotchipa yopanda maginito, kapenanso akaitembenuza poikhomera, nyali imayaka galimoto ikangotuluka m'galaja. Zikatero bwererani komweko, musagule sensa yatsopano. Chimodzimodzi mukachokera kokonzetsa alaimenti kapena kusintha zitsulo za chiwongolero: sensa yoyeza kukhota kwa chiwongolero imafuna kuikonzanso pa kompyuta kuti idziwe pomwe pali pakati.

Magetsi nawo amanamiza anthu. Batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikamalira. Likafooka, nyali zimayaka mwachisawawa. Onaninso fyuzi, mafuta a mabuleki, ndi kaswichi ka pamwamba pa chopondera buleki. Pemphani wina aime kumbuyo aone ngati magetsi ofiira akuyaka mukaponda. Pa Toyota zambiri, nyali ya check engine ikayaka imakokanso ya VSC ndi TRC, ngakhale vuto lili ku mapulagi a injini kapena ku sensa ya utsi, osati kumawilo.

Zonsezi zikakanika, ikani galimoto pa kompyuta. Kunsi kwa chiwongolero kuli soketi ya OBD2 ya mabowo 16. Koma funsani kaye ngati makinawo amawerenga za ABS, poti timakina tambiri totchipa timaona za injini zokha. Makaniko wodziwa ntchito samangofufuta khodi ya vutolo n'kulandira ndalama. Amakwera nanu, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, n'kuona liwiro la mawilo anayi pa sikirini. Lomwe likuonetsa ziro kapena kudumphadumpha ndilo lodwala.

Ilipo nthawi imodzi yomwe kuzimitsa dala kumathandiza: mukatitimira m'matope, monga m'tinjira tolowera m'midzi ya ku Likhubula, mawilo amafunika kupota kuti atuluke, choncho dinani batani lija, ndipo mukatuluka muliyatsenso. Koma ngati pamodzi ndi kanyali kachikasu kayakanso nyali yofiira ya mabuleki, imani pambali, tsitsani anthu, muitane makaniko abwere pomwepo.