Kodi Makina Adzalanda Ntchito ya Msilikali Woyendetsa Ndege?

Munthu amene afika lero pa Chembe, m'boma la Mangochi, naona mabwato a asodzi ali ndandanda pa mchenga ndi usipa uli pa mathandala, sangaganize msanga kuti pa madzi omwewo pankatera ndege zochokera ku England. Kuyambira m'chaka cha 1949 kufikira m'chaka cha 1950 kampani ya BOAC inkaimitsa ndege zake za mtundu wa Short Solent pa Cape Maclear, pa ulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg. Ndegezo zinali ndi mimba yonga ya ngalawa, zinkatera pa madzi ndi kunyamukira pa madzi pomwepo, ndipo apaulendo ankalandiridwa pa hotela imene inali m'mbali mwa gombe. Mu Novembala 1950 kampaniyo inaleka kuyendetsa ndege za pa madzi, ndipo pofika 1952 ndege ya Comet inali itayamba kuuluka kuchokera ku London kunka ku Johannesburg, osaimanso pa nyanja yathu.

Takumbutsa owerenga athu nkhani yakaleyi chifukwa cha mafunso awiri amene akumveka masiku ano. Anyamata ndi atsikana a Fomu 4 akufunsa aphunzitsi awo ngati n'kwanzeru kulowa usilikali ndi cholinga chouluka, poti akumva kuti ndege zayamba kudziyendetsa zokha. Nawonso a ntchito za Boma amene amagawa ndalama za dziko angafunse ngati n'koyenera kuwononga chuma chambiri kuphunzitsa munthu ntchito imene makina ali pafupi kuitenga. Yankho la mafunso onse awiri liyambira m'chipinda cha kutsogolo cha ndege zija zinkatera pa Chembe.

Asanu Adasanduka Awiri

Solent inali mdzukulu wa ndege ya nkhondo yotchedwa Sunderland, imene inkasaka sitima za pansi pa madzi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ambiri mwa oyendetsa ndege a zaka zimenezo adaphunzira ntchito yawo ku nkhondo komweko. Kuti ndege yotere iyende ulendo wautali pankafunika anthu asanu kutsogolo: mkulu woyendetsa, wachiwiri wake, wolondola njira poyang'ana mapu ndi nyenyezi, wa wailesi, ndi injiniya woyang'anira mainjini anayi. Lero ndege yaikulu yonyamula anthu mazana atatu imayendetsedwa ndi anthu awiri. Wa wailesi ndiye adayamba kuchoka, pamene zida zolankhulirana zinaphweka. Wolondola njira adamtsatira, pamene makina anayamba kuwerengera okha pomwe ndege ili. Ndipo injiniya adachoka cha m'ma 1980, pamene kunabwera ndege zonga Boeing 767.

Makina oyendetsa ndege si a dzulo ayi. Lawrence Sperry adaonetsa chida choongolera ndege chokha ku Paris m'chaka cha 1914. M'chaka cha 1947 ndege ya asilikali a ku America ya mtundu wa C-54 inaoloka nyanja ya Atlantic, kunyamuka ndi kutera, oyendetsa ake ali chikhalire. M'chaka cha 1965 ndege ya Trident inatera yokha ku London ili ndi apaulendo. Ndipo m'chaka cha 2023 a ku America anayesa ndege ya nkhondo yotchedwa X-62A, yoyendetsedwa ndi kompyuta, kuti ilimbane mumlengalenga ndi F-16 yoyendetsedwa ndi munthu. Mu Meyi 2024 mkulu wa ndege za nkhondo za dzikolo, Frank Kendall, anakwera ndegeyo iye mwini kuti aone ndi maso ake.

Chotero amene anganene kuti makina salanda ntchito sanena zoona, pakuti mwa asanu aja atatu adapita kale. Koma tiyenera kuona kuti amene adatsala ndani. Adatsala ndi uja amene amagamula: kunyamuka kapena kusanyamuka, kupitirira kapena kubwerera. Mu Juni 2009 ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kunka ku Paris inagwa m'nyanja ndi anthu 228. Timapaipi toyezera liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, makina oongolera anabweza ndege m'manja mwa oyendetsa, ndipo iwo analephera kuzindikira msanga chimene chinali kuchitika. Phunziro limene maiko adatolapo ndi lakuti makina akachuluka, munthu wotsalayo ayenera kuphunzitsidwa koposa kale, popeza amaitanidwa pa nthawi yokhayo imene zinthu zafika poipa.

Ntchito ya Msilikali wa Ndege Kuno Kwathu

Nthambi ya ndege ya asilikali a Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1976 ndi chithandizo cha dziko la Germany, limene linapereka ndege zazing'ono za Dornier 27 ndi Dornier 28, ndipo likulu lake linali ku Zomba. Pambuyo pake kunabwera mahelikopita ndi ndege za Dornier 228, ndipo m'chaka cha 2022 kunafika ndege ziwiri za MA600 zochokera ku China. Ntchito ya ndege zimenezi siinakhale yomenyana ndi adani mumlengalenga monga timaonera pa kanema. Ndi ntchito yonyamula asilikali ndi katundu, odwala, atsogoleri a dziko, ndiponso chakudya ndi mankhwala kumene madzi osefukira adula misewu.

Njira yofikira pa mpando umenewo ndi yaitali. Mwana ayenera kukhoza bwino masamu, sayansi ndi Chingerezi. Thupi lake, makamaka maso ndi mtima, liyenera kupimidwa ndi kupezeka langwiro. Ayenera kuyamba wakhala msilikali ndi ofesala, monga aja amaphunzira ku Salima. Ndipo pamenepo m'pamene amayamba maphunziro a kuuluka, amene amatenga zaka ndi ndalama zochuluka. Munthu wotere Boma silingampeze pa msika tsiku limene lamfuna.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale ku America, kumene ndege ndi zosawerengeka, akuluakulu a nkhondo anavomereza m'chaka cha 2017 kuti anali kuperewera oyendetsa ndege pafupifupi 2,000, chifukwa ambiri anali kusiya usilikali kunka ku makampani. Madandaulo awo anali akuti nthawi yambiri imathera pa ntchito za mu ofesi m'malo mouluka, kuti makampani amalipira koposa, ndi kuti mabanja awo amakhala okha miyezi yambiri. Boma lawo linayesa kuwagwira ndi ndalama zapadera, koma vutolo silinathe, kusonyeza kuti malipiro okha sasunga munthu amene mtima wake uli pa kuuluka.

M'dziko losauka zowawa zake zili ndi maonekedwe ena. Kumene ndege ndi zowerengeka, woyendetsa aliyense amapeza maola ochepa ouluka, pamene luso la kuuluka lili ngati khasu, limene limachita dzimbiri likagona pa khonde. Chitsulo chimodzi chikathyoka, chimafuna ndalama zakunja, ndipo ndege imakhala pansi kudikira. Munthu akakwezedwa pa udindo, kawirikawiri amachoka pa chiongolero nakakhala pa desiki. Mnzake amene anaphunzira naye limodzi akalowa kampani ya ndege za apaulendo, amauluka sabata ndi sabata, nalandira zambiri. Akale adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo sitingadabwe ngati ena ayang'ana kwina. Pamwamba pa zonsezi pali katundu wina wosaoneka: msilikali adaphunzitsidwa kumvera, koma woyendetsa ndege ayenera nthawi zina kuuza akuluakulu amene wawanyamula kuti lero sitipita. Mawu amenewo ndi olemera pakamwa pa munthu wa yunifomu m'dziko lililonse.

Za ku Chikangawa

Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe m'mawa kunka ku Mzuzu, itanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima, ndi ena amene anali pa ulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara. Kumpoto kunali mitambo ndi chifunga. Ndegeyo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo inapezeka tsiku lotsatira, anthu onse 9 atamwalira. Atatu mwa iwo anali asilikali a ndege: Colonel Owen Sambalopa, Major Flora Selemani ndi Major Wales Aidin.

Boma linapempha akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany, a bungwe la BFU, kuti athandize. Iwo anapeza kuti ndegeyo, imene inali ya zaka zoposa 35, inalibe chida chosunga mawu a oyendetsa ndiponso inalibe chida chosunga mbiri ya kaulukidwe kake, ndi kuti batire ya chida choitana opulumutsa ndege ikagwa inali itatha nthawi yake m'chaka cha 2004. Njira imene ndegeyo inayenda anailondola kuchokera pa kachida ka GPS kamene kanali m'ndegemo. Lipoti lawo lomaliza, la m'chaka cha 2025, linanena kuti ndegeyo inapitiriza ulendo ili m'munsi, pafupi ndi mapiri, m'nyengo imene maso sakadatha kuona njira.

Pano pali chinthu chimene owerenga athu ayenera kuchisinkhasinkha. Pamene maiko olemera akukambirana ngati kompyuta ingalowe m'malo mwa woyendetsa, kwathu kuno funso ndi lakuti woyendetsa wathu ali nazo kodi zida zakale zija zimene anzake adazilandira zaka makumi angapo zapitazo. Chida chochenjeza kuti ndege yayandikira phiri chinalamulidwa m'ndege zazikulu za apaulendo ku America m'chaka cha 1974. Kuyambira 2014 ndege za F-16 zili ndi makina amene amakweza ndege okha ikatsala pang'ono kugunda pansi, ndipo apulumutsa oyendetsa angapo. Makina otere salanda ntchito ya munthu. Amamsunga wamoyo kuti aigwire mawa.

Tindege Topanda Munthu

Pa mbali ina Malawi sali m'mbuyo konse. Mu Malichi 2016, ku Lilongwe, anayesa kutumiza magazi a makanda okayezedwa HIV pa tindege topanda munthu, timene ambiri akuti madroni. Mu Juni 2017 Boma, mogwirizana ndi UNICEF, linatsegula ku Kasungu dera loyeserako tindegeti pa ntchito zothandiza anthu, lotambasuka makilomita 40 kuzungulira bwalo la ndege, loyamba la mtundu wake mu Africa. Mu Januwale 2020 kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuyendetsa tindegeti. Aliyense amene adziwa ulendo wa ku Makanjira, tsidya lija la nyanja, nthawi ya dzinja, angaone yekha phindu la kandege kamene kangaoloke madzi ndi katemera pamene galimoto yatitimira m'matope.

Koma mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakantha Chigawo cha Kumwera, midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje inadulidwa, milatho itakokoloka. Kandege konyamula makilogalamu owerengeka kangajambule pomwe madzi afika, koma sikangatsitse matumba a ufa okwanira mudzi, ndiponso sikanganyamule mayi wapakati kumfikitsa ku chipatala. Panafunika mahelikopita ndi anthu owayendetsa, ndipo anansi athu a ku Zambia ndi Tanzania anatumiza awo kudzathandiza. Tinawathokoza, ndipo tiyenera kuwathokozabe. Komabe dziko limene namondwe amaliyendera chaka ndi chaka silingadalire moto wopala kwa anansi nthawi zonse.

Chimene Tiyenera Kuchita

Kwa inu a ntchito za Boma, nkhaniyi ili pa mapepala amene amadutsa pa desiki panu. Kugula ndege yatsopano kumaoneka, ndipo anthu amaomba m'manja. Batire, mafuta a maulendo ophunzirira, zida zoyezera nyengo pa mabwalo aang'ono, ndi maphunziro obwereza a oyendetsa sizioneka, ndipo ndi zimene zimayamba kudulidwa ndalama zikachepa. Tiyeni tizione monga mbali ya mtengo wa ndegeyo. Ndiponso inu amene mumakonza maulendo a akuluakulu, siyani mpata m'ndondomeko yanu wakuti ulendo ungalephereke chifukwa cha nyengo, kuti woyendetsa akati sitipita, pakhale galimoto ndi nthawi yokwanira, ndipo pasakhale womuyang'ana ndi diso lofiira. Asodzi a pa Chembe adziwa bwino mwambo umenewu. Injini inachotsa opalasa ambiri pa mabwato a chilimila, koma mwera ukaomba, mkulu wa bwato akati lero tigona pa gombe, palibe amene amamutcha wamantha.

Kwa inu aphunzitsi, mwana akakufunsani, muuzeni zoona zake. Ntchito zina za m'ndege zidatha ndipo zina zidzatha, koma Malawi adzafuna oyendetsa ndege ndi mahelikopita kwa zaka zambiri zikudzazi, ndipo adzafunanso okonza ndege, oyang'anira za nyengo, olondolera ndege pa mabwalo, ndi oyendetsa madroni. Khomo la ntchito zonsezi ndi limodzi, ndilo masamu, sayansi ndi Chingerezi, ndipo khomolo lili lotseguka kwa mtsikana monga kwa mnyamata. Muuzeninso kuti ntchitoyi ili ndi kudikira kwambiri, malipiro osafanana ndi a kunja, ndi udindo wa miyoyo ya anthu ena. Akamva zonsezo nakhalabe ndi mtima wofuna, mulimbikitseni ndithu, pakuti ndi munthu wotere amene dziko lino lidzamuitana tsiku limene milatho idzakokolokanso.