Kukana nsima pamaliro si mwano

Mwana akamadya ndiwo zokhazokha osatema mbamu ya nsima, makolo amamukalipira kuti akususa. Tonse tinaleredwa choncho. Ndiwo ndi zoperekezera, chakudya chenicheni ndi nsima, ndipo munthu amene wadya mpunga kapena mbatatesi amanenabe kuti lero sanadye. Koma masiku ano kuno ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano ndi ku Macanga kwayamba kupezeka akuluakulu amene akususa dala, ena mouzidwa ndi achipatala, ena potengera zimene anaona ku Joni. Ambiri mwa iwo ndi odwala matenda a shuga. Pakhomo pawo savutika kwenikweni chifukwa am'banja amadziwa. Vuto limayamba akafika pamaliro, paukwati, padima kapena akakwera chapa kupita ku Tete.

Matenda a shuga akuchuluka m'dziko muno. Kafukufuku wa boma wa chaka cha 2005 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse m'Mozambique, pafupifupi 3 anali ndi matendawa. Atabwereza kafukufukuyu mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti afika 7 mwa 100 aliwonse. Kwa anansi athu ku Malawi, kafukufuku wa 2009 anapeza pakati pa 5 ndi 6 mwa 100. Ambiri sadziwa n'komwe kuti akudwala kufikira maso atayamba kuchita khungu, chilonda chakuphazi chitakana kupola kapena impso zitafooka. Choncho nkhani ya zimene wodwalayu adye pakati pa anthu ikukhudza mabanja ambiri kuposa mmene tikuganizira.

Kadyedwe ka keto n'kotani?

Nsima, mbatatesi, chinangwa, mpunga, buledi, thobwa ndi shuga zikalowa m'mimba zimasanduka shuga wa m'magazi. Kapamba amatulutsa insulini, imene imatsegulira shugayo njira yolowera m'minofu kuti thupi lipeze mphamvu. Kwa wodwala shuga, insulini imachepa kapena thupi silimvera, ndiye shuga amangosefukira m'magazi n'kumawononga mitsempha pang'onopang'ono.

Munthu akachepetsa kwambiri zakudya zokhutitsazi, chiwindi chimayamba kuphwanya mafuta n'kupanga timadzi totchedwa maketoni, timene ubongo ndi minofu zimagwiritsa ntchito m'malo mwa shuga. Dzina loti keto lachokera pamenepo. Otsata kadyedweka amayesetsa kuti sitachi ndi shuga asapitirire magalamu 50 patsiku, ena mpaka 20. Kuti mumvetse kuchepa kwake, magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi magalamu oposa 70 a sitachi. Mtanda umodzi waukulu wa nsima ungathe kumaliza muyezo wa tsiku lonse. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi magalamu oposa 30 a shuga, omwe ndi masipuni aang'ono 7 kapena 8.

Kadyedweka si katsopano ayi. M'chaka cha 1863 bambo wina wa ku London, William Banting, amene ntchito yake inali yokonza maliro, analemba kabuku kofotokoza mmene anachepetsera thupi lake posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Mu 1921 Dr Russell Wilder wa pa chipatala cha Mayo Clinic ku America anakonza kadyedwe ka mafuta ambiri ndi sitachi wochepa kuti kathandize odwala khunyu, ndipo mpaka lero madokotala amakagwiritsa ntchito kwa ana ena amene mankhwala a khunyu akuwakanika. Ku South Africa anakatchukitsa ndi Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town, pamene iye ndi anzake anatulutsa buku mu 2013. N'chifukwa chake abale athu obwera ku Joni amati ali pa Banting. Mu 2019 bungwe la American Diabetes Association linavomereza kuti kuchepetsa sitachi ndi shuga ndi njira imodzi imene ili ndi umboni wokwanira wotsitsa shuga m'magazi. Komabe akafukufuku amaona kuti phindu lalikulu limaoneka m'miyezi yoyambirira, ndipo anthu ambiri amalephera kupitiriza. Chimodzi mwa zowagonjetsa ndi kudyera pamodzi ndi anzawo.

Mbale ya pamaliro

Kwathu kuno chakudya chimalankhula. Mlendo akakana nsima, mwini khomo amayamba kudzifunsa kuti kodi wandiona uve, kodi akundiganizira kuti ndamuthirira mankhwala, kapena wayamba kunyada chifukwa cha ndalama za fodya ndi mbatatesi. Akuluakulu amene anaona chilala cha 1992 ndi moyo wa m'misasa ya othawa nkhondo ku Ntcheu ndi ku Dedza amadziwa kuwawa kwa kugona ndi njala, ndipo kuona munthu akukankha mbale ya nsima kumawapweteka mtima. Sitingawadzudzule.

Pamaliro zimavuta koposa. Anthu amagona pasiwa masiku awiri kapena atatu. M'mawa kumabwera tiyi wothiriratu shuga m'ndowa, masana nsima ya nyemba kapena kabichi, ndipo anthu anayi kapena asanu amadyera mbale imodzi. Ndiwo zimakhala zowerengera. Wodwala shuga akati asuse, amalanda anzake. Akati adye monga onse, shuga amakwera, usiku wonse n'kumangotuluka kukataya madzi, kukhosi kuli gwa. Paukwati ndi pachinkhoswe pamakhala mpunga, thobwa, keke ndi zakumwa za m'mabotolo. Padima malipiro a khasu ndi thobwa ndi mowa wamasese, zonse zochokera ku chimanga ndi chimera.

Komatu mwambo wathu womwewu uli kale ndi malo a munthu wosala. Wa Sabata akakana nyama ya nkhumba palibe amene amakwiya. Akatolika amasala nyama Lachisanu m'nyengo ya Lenti. Sing'anga akauza munthu kuti asadye therere kapena mlamba pamene akumwa mankhwala, mudzi wonse umamuthandiza kukumbukira. Wodwala shuga alowere pakhomo lomwelo. Mawu oti "sindifuna" amakhumudwitsa, pamene oti "andiletsa achipatala" amamveka. Mkamwini angathe kunena kuti, "Pepani apongozi, musandione ngati wamwano. Anandipeza ndi shuga, ndiye achipatala andiletsa nsima yambiri. Mundipatseko kamtanda kakang'ono ndi masamba, ndikhuta ndithu." Mawu otere anenedwe chakudya chisanafike, makamaka kwa amayi amene akuyang'anira kuphika, chifukwa mbale ikafika kale pamphasa kuibweza kumachititsa manyazi onse awiri.

Wopita kumaliro apamudzi kapena kuukwati adyeretu kunyumba mazira awiri ndi masamba otendera, kuti akafike wosalezuka ndi njala. Amene akukagona konko atenge mtedza wokazinga m'thumba. Angathenso kupereka chipepeso chake ngati ndiwo, monga mitu ya kabichi, mazira kapena usipa, kuti akamatapa ndiwo zochulukirapo pasakhale wong'ung'udza. Apemphe kuti amutungire tiyi asanathire shuga. Thobwa likamazungulira, alandire chikho ndi manja awiri, athokoze, apatsire mnzake. Asambe m'manja pamodzi ndi onse ndipo akhale pambale mpaka anzake amalize, chifukwa chimene anthu amafuna kuona n'chakuti sanadzipatule.

Za mowa tinene mosabisa. Masese ndi Chibuku ndi phala, ndipo amakweza shuga monga nsima. Ena amathawira ku kachasu poti mulibe sitachi. Kumeneko ndi kuthawa mvula n'kugwera mumtsinje, pakuti kachasu amalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga pamene thupi likumufuna. Munthu amene ali pa mankhwala a shuga angathe kukomoka, anzake n'kumaseka kuti waledzera, mpaka kufa ali pomwepo.

Paulendo

Wokwera chapa kuchoka ku Ulongwe kudzera ku Mussacama ndi Moatize mpaka ku Tete, kapena wochoka ku Furancungo, amadziwa zimene zimabwera pawindo galimoto ikaima: mandasi, zitumbuwa, mabisiketi, nthochi, mzimbe, chimanga chootcha ndi zakumwa zozizira. Pamsika wa Biriwiri ndi wa Lizulu fungo la chipisi cha pachiwaya limaitana munthu ali patali. Zonsezi ndi sitachi ndi shuga.

Koma m'malo omwewo mulinso zomuyenera. Mazira owiritsa amapezeka pafupifupi paliponse. Pali kanyenya wa mbuzi ndi nkhuku yootcha, ndipo pachiwaya mungagule nyama ndi kabichi n'kusiya chipisi. Nthawi yake ikakwana pamakhala mbewa, ngumbi, bowa ndi mapeyala. Ku Tete kuli kapenta ndi nsomba zina za ku Cahora Bassa. M'nyumba zodyera uzani wogulitsa kuti achepetse nsima kapena mpunga n'kuonjezera masamba. Chanzeru n'kunyamula kamba kuchokera kunyumba: mazira owiritsa, mtedza, peyala limodzi ndi botolo la madzi. Galimoto ikafera panjira, amene alibe kamba amadya chilichonse chimene chapezeka.

Madzi ndi ofunika kwambiri. Masiku oyamba osiya sitachi thupi limataya madzi ambiri, ndipo munthu amamva mutu, kufooka ndi kudzimbidwa. Ife a kumapiri tinazolowera kuzizira, tsono kutentha kwa ku Tete kumatiyamwa msanga. Ndi bwino kusayamba kadyedwe katsopano sabata ya ulendo kapena ya ntchito yolemetsa monga kukumba mbatatesi ndi kupachika fodya. Wobaya insulini asaiike padenga la galimoto, pafupi ndi injini kapena padzuwa, chifukwa kutentha kumaiononga. Mankhwala ndi khadi la kuchipatala zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu womangidwa kumbuyo.

Chenjezo kwa amene ali pa mankhwala

Apa mpofunika kumvetsetsa. Insulini ndi mapiritsi monga glibenclamide amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Muyezo wake achipatala anaupima poganiza kuti munthuyo akudya nsima. Akasiya nsima mwadzidzidzi koma n'kumamwa mankhwala monga kale, shuga amatsika kupitirira muyezo. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire, njala yadzidzidzi, mtima kugunda kwambiri ndi kulankhula zosamveka. Pamenepo malamulo onse osala shuga amaima. Munthuyo amwe msanga madzi osungunuliramo masipuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga, kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera, kenaka adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu kukamwa, mugonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala. N'chifukwa chake wodwala shuga aliyense, ngakhale wosala kwambiri, ayende ndi maswiti kapena kapepala ka shuga m'thumba, ndipo auze amene wakhala naye pafupi m'galimoto kapena pasiwa.

Palinso ena amene keto siwayenera popanda dokotala wowayang'anira: amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, odwala impso kapena chiwindi, anthu owonda chifukwa cha TB kapena matenda ena, ndi odwala shuga wa mtundu woyamba amene moyo wawo umadalira insulini. Kwa omalizawa, maketoni akachuluka pamene insulini yachepa magazi amawawasa, ndipo munthu angafe m'masiku ochepa. Makolo a mwana wa khunyu asamuchotsere mankhwala n'kumuyambitsa kadyedweka paokha. Safunsa anadya phula. Pitani kaye kuchipatala cha kwanuko kapena ku Ulongwe, akuyezeni, ndipo muwauze achipatala zimene mukufuna kusintha kuti nawo asinthe muyezo wa mankhwala.

Tinenenso za thumba. Nyama ndi mazira tsiku lililonse si za aliyense, ndipo mlimi wogwira khasu kuyambira m'bandakucha amafuna mphamvu zambiri. Kwa ambiri a ife njira yotheka ndi yapakati: kusiya shuga mu tiyi ndi zakumwa za m'mabotolo, kudya mtanda umodzi wa mgaiwa pamene tinkadya itatu ya ufa woyera, kudzaza theka la mbale ndi nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru kapena kabichi, ndi kutendera ndi nsinjiro. Mgaiwa nawo uli ndi sitachi wambiri, tsono muyezo ukhalepobe. Njira imeneyi siifika pa keto yeniyeni, koma imatsitsa shuga, ndipo munthu angaitsate zaka zambiri osadana ndi abale ake.

Mbali ya eni khomo

Ntchitoyi isasiyidwe kwa wodwala yekha. Amayi a m'magulu a mpingo amene amaphika pamaliro angapatule ketulo imodzi ya tiyi wopanda shuga ndi kambale ka masamba oonjezera. Izi sizifuna ndalama zambiri. Ankhoswe pokonza ukwati afunsiretu ngati pali achibale osala. Mafumu ndi anyakwawa, amene mawu awo amamveka pamanda, angathe kukumbutsa anthu kuti wosadya nsima chifukwa cha matenda asanenedwe za ufiti kapena kunyada.

Ndipo inu amene mumakonda kukakamiza mlendo kuti "idyani pang'ono chabe, lero lokha," kumbukirani kuti m'nyengo yokolola maukwati, ziliza ndi maliro zimatsatana sabata ndi sabata. Aliyense akamuuza kuti lero lokha, mwezi umatha munthuyo asanasale n'tsiku limodzi lomwe. Mlendo akakuuzani kuti achipatala amuletsa, m'funseni chimene amadya, mum'patse chomwecho.