Kameta wasanduka dolo

Kale kameta anali nkhuku yosekedwa. Mwini wake akafika nayo pamsika, wogula ankaitembenuza uku ndi uku, maso ali pa khosi lija lofiira psuu, lopanda nthenga, kenako n'kufunsa: "Bambo, imeneyi sikudwala?" Ena ankati yathothoka ndi utitiri, ena ankati zinzake zinaijompha m'khola. Ku Ulaya ndi ku America miseche inafika poipa: ankati bambo wake wa kameta ndi nkhukundembo!

Mlandu unayamba kutembenuka mu 2004, pamene asayansi a m'mayiko osiyanasiyana, motsogozedwa ndi Washington University ya ku St. Louis, anamaliza kuwerenga DNA ya nkhuku, uthenga wa chibadwa chake, zilembo pafupifupi 1 biliyoni. Palibe mbalame ina yomwe inali itawerengedwapo chotere. Anagwiritsa ntchito thadzi la red junglefowl, nkhuku ya kutchire ya ku Asia yomwe ndi gogo wa nkhuku zathu zonse. Atayerekeza DNA imeneyo ndi ya nkhuku ya nyama, ya mazira ndi ya mtundu wa Silkie, anapeza malo 2.8 miliyoni pomwe zilembo zimasiyana. Kuyambira pamenepo, wofuna kudziwa chifukwa chake nkhuku iyi ndi yotere ndipo iyo ndi yotere anadziwa pofufuza.

Mwayi wa kameta unafika mu 2011. Gulu la Denis Headon ku Roslin Institute, ku Scotland, linapeza kuti kachidutswa ka DNA ka pa chromosome 1 kanakalowerera pa chromosome 3, moyandikana ndi gene yotchedwa BMP12. Ntchito ya gene imeneyi ndi kuletsa nthenga kumera paliponse, ndipo mlendoyo atafika inayamba kugwira ntchito mopyola muyeso. Nanga bwanji khosi lokha? Khungu la pakhosi limapanga retinoic acid wochuluka kuchokera ku vitamini A, ndipo ameneyu amaikolezera BMP12. Zonsezi zimachitika mwanapiye akadali m'dzira, choncho amatuluka ali wometedwa kale. Matenda palibe, utitiri ulibe mlandu, nkhukundembo nayo yapezeka yosalakwa.

Tsopano taonani kameta wa lero! Nkhuku situluka thukuta. Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo ku Nsanje kapena ku Chikwawa, nkhuku zanthenga zambiri zimabisala pansi pa nkhokwe, mapiko atatambasuka, kukamwa yasaa, zili wefuwefu, chakudya osachiyang'ana n'komwe. Kameta, khosi lili pamtunda ngati mnyamata wovula malaya, kutentha kumamutuluka mosavuta, ndipo amapitiriza kujompha, kukula ndi kuikira. Thupi lake lonse lili ndi nthenga zochepa ndi 20 mpaka 40 peresenti, ndiye chakudya chomwe chikanathera pomeretsa nthenga chimapita ku mnofu. Amayi pososola amatha msanga madzi asanazizire. Ku France, komwe anthu sachita masewera ndi zakudya, nkhuku zambiri zoyenda panja zogulitsidwa ndi chizindikiro cha Label Rouge ndi akameta omwewa.

Chosangalatsa china n'chakuti khosi limeneli silivuta kufalitsa. Kholo limodzi likangopatsira mwanapiye chibadwachi, chimaoneka. Wotengera mbali imodzi amakhala ndi kamtsumphu ka nthenga kutsogolo kwa khosi, pomwe wotengera kwa tambala ndi thadzi omwe amakhala mbee, kamtsumphuko kali kochepa kapena kulibiretu. Chofooka chake ndi chisanu: ku Dedza mu Juni, anapiye ake amafuna pofunda.

Ndiye inu a kuchigwa ndi a kunyanja, alendo akabwera gwirani tambala wina. Wa kametayo msiyeni, akuberekereni nkhuku zosaopa dzuwa.