Kawailesi Kokhala ndi Pakamwa

Akulu akumbukira wailesi ya Saucepan imene inafika m'dziko muno mu 1949. Ija inali ya khutu lokha: munali kumva, osayankha. Lero tinene za kawailesi kokwana m'dzanja, kamene kali ndi pakamwa pomwe. Eni ace ndiwo aja ochedwa ma amateur, olankhulana pa mphepo mwa kukonda cabe, osati mwa malonda.

Mukakanikiza kabatani ka m'mbali, mau anu apita. Mukaleka, mumva mnzanu. Mphamvu yace njocepa, monga mawati 5, ndipo mafunde ace a pa 144 kufika 146 MHz ayenda molunjika ngati kuwala. Cifukwa cace munthu woima pa City Market, pakati pa nyumba zazitali, angalephere kumveka ku Chelstone, koma atakwera pamwamba mau afika kutali.

Tsono cenjerani, abale anga: kugula sindiko kuloledwa. Wofuna kulankhulirapo ayambe wapempha laisensi ku ZICTA, ndipo adzapatsidwa dzina la pa mphepo loyamba ndi 9J, cizindikiro ca Zambia. Ufulu usanafike mu 1964 cinali VQ2. Wolankhula wopanda cilolezo alakwira lamulo, ndipo angathe kutsekereza mau a apolisi kapena ambulansi pamene moyo wa munthu uli pangozi.

Mphepo ili ngati citsime ca mudzi: timwapo tonse, tisacibvundule. Tsalani bwino.