Musanasinthe giyabokosi ya pikapu yanu, werengani mano a difu

Ku Biwi Triangle, komwe magalaja ndi ogulitsa zipangizo za galimoto adadzadza mu Lilongwe, ntchito yosintha giyabokosi si yachilendo. Ena amachotsa manual n'kuika automatic, ena amabwerera ku manual. Koma pali chitsulo china chomwe ambiri amachiiwala pamene akukambirana mtengo: difu ya kumbuyo. Kwa inu amene mumadalira Hilux, Hiace kapena Townace yakale kukapikula mbatatesi ndi kabichi kwa Lizulu, chitsulo chimenechi chingathe kudya phindu lanu mwakachetechete.

M'kati mwa difu muli magiya awiri, lalikulu lotchedwa crown wheel ndi laling'ono lotchedwa pinion. Mukagawa mano a lalikulu ndi mano a laling'ono, mupeza nambala ya difuyo. Mano 41 ndi 10 akupereka 4.10, mano 43 ndi 10 ndi 4.30, pomwe 39 ndi 8 ndi 4.88. Nambalayi ikutanthauza kuti propshaft izungulira kangati kuti matayala azungulire kamodzi.

Nambala ikakhala yaikulu, galimoto imanyamuka mwamphamvu ngakhale italemedwa, koma pamsewu wautali injini imalira kwambiri n'kumamwa mafuta. Ikakhala yaing'ono, galimoto imayenda mofewa pa M1 koma imafooka pachitunda.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pikapu ya matayala a 195R14 ikamathamanga makilomita 80 pa ola, tayala limazungulira pafupifupi ka 640 pa mphindi. Automatic yakale ya magiya atatu ilibe overdrive, choncho ndi difu ya 4.10 injini izungulira pafupifupi ka 2,600, pomwe ndi 4.88 ifika pa 3,100. Koma mukaika automatic ya magiya anayi, yomwe giya lake lomaliza ndi pafupifupi 0.7, difu yomwe ija ya 4.88 itsika kufika pa 2,200. Apa phunziro n'lakuti difu simasankhidwa payokha. Imayendera giyabokosi yomwe mwagula.

Tsono musankhe iti? Yambani ndi ntchito ya galimotoyo. Ngati mumanyamula matumba a chimanga kapena makala, kapenanso mumakwera chitunda cha Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, nambala yaikulu pamodzi ndi automatic ya overdrive ndiyo yoyenera. Difu ya nambala yaing'ono pa katundu wolemera imachititsa kuti giyabokosi izingosinthasintha magiya, oilo n'kutentha, ndipo kutentha ndiko kumapha automatic. Uzani amakaniko aikenso kachipangizo koziziritsira oilo, ndipo pachitunda muzizimitsa O/D. Ngati katundu wanu ndi wopepuka, monga mabelo awiri a kaunjika, ndipo ulendo wake ndi wa patala, nambala yaing'ono ikupulumutsirani mafuta.

Pogula difu yogwirapo kale ntchito, musakhutire ndi mawu akuti "ndi ya Hilux". Ma Hilux adabwera ndi madifu osiyanasiyana. Ngati ili pansi yotsegula, werengani mano nokha, ndipo onetsetsani kuti palibe dzino lobenthuka. Ngati ikadali pagalimoto, kwezani tayala limodzi la kumbuyo ndi jeke, giya ili pa N ndipo matayala ena mutawaikira miyala. Lembani choko pa tayala ndi pa propshaft, zungulitsani tayalalo kawiri, n'kuwerenga kuti propshaft yazungulira kangati. Pa difu wamba, yankho lake ndiyo nambala yomwe mukufuna.

Zinthu zitatu zina musaziphonye. Pa galimoto ya 4x4, difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ziyenera kufanana, apo ayi muthyola zitsulo. Chachiwiri, galimoto zakale zimawerengera liwiro ku giyabokosi. Mukaika difu ya nambala yaing'ono, muvi uzisonyeza liwiro lochepera pa lenileni, ndipo apolisi a pamsewu sadzamva zoti vuto ndi difu. Chachitatu, matayala akuluakulu amafooketsa galimoto mofanana ndi kutsitsa nambala ya difu.

Pa mtengo, funsani ogulitsa atatu musanatulutse ndalama. Auzeni amakaniko alembe padera mtengo wa giyabokosi, difu, propshaft, oilo ndi ntchito yawo, ndipo mugwirizane kuti chitsulo chikakhala cholira kapena chosiyana nambala, chibwezedwa. Poyesa galimoto, ikanimo katundu wonga yemwe mumanyamula tsiku la msika, chifukwa pikapu yopanda kanthu siulula vuto. Mpamba wanu uli pamwamba pa matayala amenewo.