Mayi Akamwalira, Mwana Amatsala ndi Yani?

Masamba akayalidwa pamsewu wa kumudzi, kaya ku Njuli kaya ku Namitambo m'boma la Chiradzulu, aliyense amadziwa kuti pagwa zovuta. Wapanjinga amatsika n'kuyamba kuikankha, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kutseka wailesi. Pasiwa aliyense amakhala ndi ntchito yake: amfumu amaloza malo kumanda, adzukulu amakumba, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, abambo amachezera pamoto panja pamene akazi ali m'nyumba ndi thupi. Maliro n'kulirana, ndipo ku Chiradzulu munthu wojomba kumaliro a anzake amadzaziona tsiku lake likafika. Amene mwambo sunamukonzere malo enieni ndi mwana wa malemu.

Kale ana ankawapatutsira kunyumba ina kuti asaone thupi, ndipo kumanda sankapondako. Mpaka lero wamng'ono akafunsa, amayi aang'ono amayankha msangamsanga: "Amayi ako apita kuchipatala, abwera." Akalira amamugulira mandasi, akalirabe amamuuza kuti adwala mutu. Akuluakulu amati akumuteteza, koma ine ndimaona kuti nthawi zambiri amadziteteza okha, chifukwa palibe amene amafuna kuti mawu oti "sadzabweranso" atuluke pakamwa pake. Mwanayo amakhala akuyang'ana kunjira miyezi, kenaka choonadi amakachimva kwa anzake kumasanje kapena pokangana kusukulu.

Zinthu zasinthako. Pamaliro achikhristu ana okulirapo amawagwira padzanja pa nthawi yoona nkhope, ndipo kumanda woyendetsa mwambo amaitana "ana a malemu" kuti akaike nkhata. Kwa Asilamu, amene ndi ambiri pakati pa Ayao a m'bomali, thupi limakulungidwa mu sanda, limanyamulidwa pa jeneza ndipo silichedwa kuikidwa. Kumanda kumapita amuna okha, choncho mwana wamkazi amatsanzikana ndi mayi ake pakhomo pomwepo, n'kudikira sadaka ya masiku 40 pamene abale adzakumanenso. Kumeta nako kulipo, ngakhale ambiri masiku ano amangodula katsitsi pang'ono, ena n'kukaniratu ponena kuti mpingo wawo sulola.

Koma nkhani yaikulu ya mwana imabwera makwaya atapita, miphika yobwereka itabwezedwa. Alomwe, Ayao ndi Amang'anja a kuno amatsata chikamwini: mwamuna amamanga kwa mkazi, munda ndi wa mbumba, ndipo ana ndi a kuchikazi. Mayi akamwalira, pakapita masabata kapena miyezi, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi kuti asudzule mkamwini. Mwinimbumba, amene ana amamutcha amalume, amathokoza kuti mlamu wake anadwazika bwino, kenaka amati: "Alamu, ife takumasulani. Mukhoza kupita kwanu, mukafuna kukwatira kakwatireni. Ana awa ndi athu." Mawuwa ndi aulemu, ndipo kwa mwamuna ndi ufulu. Kwa mwana ndi maliro achiwiri, opanda nyimbo ndi chipepeso. Bambo amamanga kachikwama, mwina ndi njinga ndi wailesi, n'kulowera kwawo. Akakwatira kwina amakakhalanso mkamwini pamudzi wa eni, pomwe sangatengereko ana a mkazi woyamba.

Si nkhanza chabe ayi. Boma la Chiradzulu ndi laling'ono, koma pa kalembera wa 2018 munali anthu oposa 350,000, ndipo minda ndi timagawo. Mbumba imaopa kuti mkamwini akatsala adzalowetsa mkazi wina pamunda wa mlongo wawo, ana a malemu n'kusowa polima akadzakula. Kusudzula ndiye kumateteza nthaka ya mwanayo. Kumamusiyiranso azimayi ambiri, poti mng'ono kapena mkulu wa mayi ake ndi mayi ndithu, ndipo ana awo ndi abale ake enieni. Mwana wamasiye wa kuno sankasowa khomo lodyerapo nsima.

Dongosololi linaphwasuka m'zaka za Edzi. Bungwe la Médecins Sans Frontières lisanayambe kupereka ma ARV m'bomali mu 2001, midzi ina inkaika maliro motsatizana, ndipo amalume ndi amayi aang'ono omwe akanalera ana nawonso ankatsikira kulichete. Otsala anali agogo, ndi zidzukulu zodzaza mphasa. Nthawi imeneyo kulanda katundu wa amasiye kunakula kwambiri, makamaka kumene bambo wamwalira atasiya nyumba ya malata kapena chigayo, achibale ake n'kubwera ndi matola. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chumacho tsopano ndi mlandu, ngakhale kumudzi nkhani zambiri zimathera pabwalo la amfumu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anabweretsa china chimene mwambo sunachiyembekezere: matope ochokera m'phiri anakokolola mudzi wa Ntauchira, ndipo m'madera okhudzidwa munatsala ana amene sanaone nkhope kapena manda a makolo awo.

Mabanja ena tsopano amasudzula mwa mtundu wina. Amalume, poona mtengo wa feteleza ndi fizi, amati: "Alamu, takumasulani, koma musachoke. Limani munda womwewu, lerani ana anu." Ena amagwirizana kuti bambo apite koma ana azikacheza kwa iye pa holide, iye azithandiza za sukulu. Pokambirana zonsezi ana amatumidwabe kukatunga madzi, ndipo chimene akuluakulu agwirizana amachimva madzulo kwa agogo awo.